Kachilombo ka HPV ndi Ana Athu

Amayi ndi abambo, lero tiwerenge za kachilombo kamene anyamata ndi atsikana athu ambiri sakadziwa. Dzina lake ndi HPV.

Kachilomboka sikaoneka ndi maso. Kamafala pogonana. Anthu ambiri amakatenga akadali achinyamata, ndipo samva kupweteka. Kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma mwa amayi ena kamakhalitsa, ndipo pakapita zaka 15 kapena 20 kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Kwa mayi amene ali ndi HIV, khansayi imabwera msanga. Choncho mtsikana amene watenga kachilomboka ali ndi zaka 15 angadzadwale ali mayi wolera ana.

Chitetezo chilipo. M'chaka cha 2021, boma la Mozambique linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Katemerayu ndi waulere. Ena amafunsa kuti, bwanji kubaya ana aang'ono chotere? Yankho ndi ili: katemera amateteza, sachiza. Mpanda timamanga mbuzi zisanalowe m'munda wa chinangwa. Katemerayu saletsa mtsikana kudzabereka.

Koma katemera yekha sakwanira. Mwana ayenera kudziwa za thupi lake. Ife akulu tikakhala chete chifukwa cha manyazi, ana athu amakamva kwa anzawo kudooko kapena pamsika wa usipa, ndipo amamva zabodza. Anamkungwi, azakhali ndi atsibweni, ntchito iyi ndi yathu. Polangiza ana tiwauze izi:

1. Mnyamata nayenso amatenga HPV ndi kupatsira ena.
2. Kuchedwa kuyamba zogonana kumateteza.
3. Kondomu imachepetsa ngozi, koma siitheratu.
4. Lamulo la 2019 limaletsa ukwati kwa mwana wosakwana zaka 18.

Amayi nawonso apite kukayezetsa khomo la chiberekero. Chilonda chikapezeka msanga chimachizika. Mayi akaona magazi atagona ndi mwamuna, kapena magazi osakhala a kumwezi, asadikire. Kuchokera ku Meluluca mpaka ku Cóbuè, tifunse anamwino a chipatala chapafupi, kapena tipite ku Metangula.

Tikambirane:
Kodi m'mudzi mwathu muli atsikana angati a zaka 9?
Kodi onse abayitsa katemera?
Ndani adzalankhule ndi anyamata?