Mankhwala amene amaopa dzuwa

Lero tikambirana funso limene odwala matenda a shuga amatifunsa kawirikawiri. Amati, bwanji mankhwala athu ndi a jakisoni pamene anzathu amangomwa mapiritsi? Nanga bwanji anamwino amalimbikira kuti kabotolo kasaone dzuwa? Yankho lake tiliyambira kukhitchini kwanu komweko.

Amayi, mukamaphika thobwa, limene ena timati mahewu, simuthira chimera phala likadali kuwira. Mumaphula kaye, n'kudikira kuti lizizireko pang'ono. Mukathira chimera, phala lolimba lija limasungunuka ndipo limayamba kutsekemera popanda shuga wa kusitolo. Amene agwira ntchito imeneyi ndi tinthu tosaoneka ndi maso timene tili m'chimera. Ophunzira amatitchula kuti maenzaimu, pa Chipwitikizi amati enzima. Timadula ufa kuusandutsa shuga. Mukathira chimera pamoto woyaka, tinthu timeneti timafa, ndipo thobwa limakana kukoma.

Maenzaimu ali m'gulu lalikulu la zinthu zotchedwa mapuloteni. Dzinali mumalimva tikamakamba za nyemba, mtedza, usipa ndi mazira. Thupi limaphwanya zakudya zimenezi n'kupanga mapuloteni akeake. Ena amamanga minofu, ena amagaya chakudya, ena amalimbana ndi matenda. Koma puloteni imagwira ntchito pokhapokha ngati maonekedwe ake sanasinthe. Taonani dzira. Choyera chake chimakhala chamadzimadzi, koma mukaliwiritsa chimalimba, ndipo palibe amene angachibwezere mwakale.

Insulini, mankhwala a matenda a shuga, nayonso ndi puloteni. Mwa munthu wabwinobwino imapangidwa ndi kapamba. Ntchito yake ndi kutsegula njira kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu kukapereka mphamvu. Kapamba akasiya kuipanga, shuga amadzaza m'magazi pamene thupi likufa ndi njala.

Kale matenda amenewa akagwira mwana, sankakhalitsa. M'chaka cha 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anatulutsa insulini m'kapamba wa agalu. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14 anakhala woyamba kubayidwa, ndipo anapeza bwino. Kwa zaka pafupifupi 60 zotsatira, mafakitale ankatenga insulini m'kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba zophedwa.

Kenako akatswiri anapeza njira ina, ndipo apa maenzaimu anathandizanso. Anapeza enzaimu ina yodula ngati sizasi ndi ina yolumikiza ngati singano ndi ulusi. Ndi zida zimenezi anatenga malangizo opangira insulini ya munthu n'kuwaika mwa mabakiteriya. Mabakiteriyawo amawetedwa m'mathanki akuluakulu, amadyetsedwa, amaswana, ndipo amapanga insulini. Kenako imasefedwa mpaka kuyera n'kuikidwa m'timabotolo. Insulini yopangidwa chonchi inavomerezedwa m'chaka cha 1982. Masiku ano mafakitale ena amagwiritsa ntchito yisiti, wachibale wa uja wofufumitsira mandasi. Choncho amene simudya nkhumba musade nkhawa, insulini yambiri ya lero sichokera ku nyama. Ngati mtima ukukayika, funsani anamwino akuwerengereni zolembedwa pabokosi.

Tsopano tibwerere ku funso loyamba lija. Bwanji osangomwa? M'mimba mwanu muli maenzaimu ogaya mapuloteni. Iwo sasiyanitsa nyama ya mbuzi ndi mankhwala. Mutamwa insulini, ingagayidwe ngati ndiwo isanafike m'magazi. N'chifukwa chake imabayidwa pansi pa khungu. Jakisoni si chilango, ndiponso sizitanthauza kuti mwatsala pang'ono kufa.

Funso lachiwiri mwaliyankha kale nokha. Kutentha kumaononga insulini monga mmene kumaphera chimera. Vuto lake ndi lakuti dzira lowiritsa limaoneka, koma insulini yofooka nthawi zambiri imaoneka bwinobwino. Munthu amabaya mlingo wake tsiku lililonse, koma shuga osatsika.

Ndiye tichite chiyani, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kuno kumatentha kwambiri?

Pochokera kuchipatala, musaike kabotolo m'thumba la malaya kapena pachonyamulira cha njinga padzuwa. Kakulungeni m'kansalu konyowa, muike pakati pa katundu. Amene mumayenda ulendo wautali kapena kudutsa malire kukatenga mankhwala, musaime nako pamsika tsiku lonse.

Kabotolo kosatsegula kamafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, m'firiji, imene ena timati jeleira. Koma musakaike mmene mumaumitsira madzi. Insulini ikauma ngati mwala yaonongeka, ngakhale itasungunukanso.

Ngati mulibe firiji, tengani miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono. Ikani waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake muthire mchenga wonyowa. Kabotolo kakhale m'kachitini kotseka mumphika waung'onowo, muvundikire ndi nsalu yonyowa, muike pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi mafuwa ndiponso ana. Mchengawo muziunyowetsa tsiku ndi tsiku.

Kabotolo kotsegula nthawi zambiri kamagwira ntchito milungu inayi. Lembani tsiku limene mwakatsegula. Insulini ina imakhala yoyera ngati madzi, ina ngati mkaka. Yangati madzi ikachita mbuu, kapena yangati mkaka ikachita timibulu tosasungunuka, musabaye. Pitani nayo kuchipatala.

Wodwala akayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka, kusanza kapena kupuma mwabefu, musadikire kuti kuche. Mutengereni kuchipatala, ndipo kabotolo kaja musakasiye, kuti anamwino akakaone.

Zimene takambazi zikukhudzanso inu amene kwanu kulibe wa shuga. Katemera wa ana amabwera m'bokosi lozizira chifukwa nayenso amaopa kutentha. Kachipangizo koyezera malungo ndi kadontho ka magazi kali ndi mapuloteni amene amagwira puloteni ya kachilombo ka malungo, ndiye kamzere kamatuluka. Nakonso sikafuna kusiyidwa padzuwa. Mukaona azaumoyo akufulumira kutseka bokosi la katemera, si mwano ayi, akuteteza mwana wanu.

Ngati muli ndi wachibale kapena woyandikana naye amene amabaya insulini, pitani lero mukaone pamene amasunga kabotolo kake. Ngati ndi pawindo kapena pansi pa malata, muthandizeni kupeza miphika iwiri.