Chilombo Chogwa ndi Nkhonya Imodzi

Pakhonde la golosale ku Kawale, pansi pa mtengo ku Biwi, ngakhale m'mbali mwa msika ku Area 25, sipasowa amuna awiri owerama pa bawo, anzawo atawazinga. Chimene chimaimitsa anthu oonererawo, ena mpaka kuiwala kumene anatumidwa, ndi chakuti palibe akudziwa amene apambane. Nkhani ya lero ikukamba za chimene chimachitika pamene kusadziwako kwachotsedwa, ndipo chitsanzo chake chachokera ku masewera ena a patebulo a kutsidya kwa nyanja.

Masewerawo ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa ku America m'chaka cha 1974. Kuti omvera awamvetse, aganize za nthano ya madzulo imene omvetsera sangoyankha kuti "tili tonse" chabe, koma aliyense watenga munthu mmodzi wa m'nthanomo nakhala mwini wake. Wina ndi msilikali, wina ndi wamatsenga, wina ndi mlenje. Mmodzi amakhala wotsogolera: iye ndiye amafotokoza dziko, mapanga ndi zilombo zake. Wosewera akanena chimene munthu wake afuna kuchita, amaponya madayisi, timiyala tolembedwa manambala, ndipo nambala yotulukayo ndiyo imagamula ngati zatheka. Kumapeto kwa ulendo wa masabata ambiri kumadikira chilombo chachikulu, chimene nthano yonse yakhala ikuopseza nacho anthu.

Tsono vuto lagona apa. Malamulo a masewerawa amadzaza mabuku a masamba mazanamazana, ndipo munthu aliyense wa m'nthano ali ndi mphamvu zake zolembedwa. Mphamvu iliyonse payokha ndi yoyezedwa bwino. Koma osewera ochenjera amapeza mphamvu ziwiri kapena zitatu zimene zikalumikizidwa zimabala chinthu choposa chimene olemba anayembekeza.

Chitsanzo chodziwika chili m'malamulo a 2014. Wamatsenga ali ndi tsenga loumitsa chilombo, kuti chisathe kusuntha kapena kudziteteza. Lamulo lina, lolembedwa patsamba lina, limati cholengedwa chouma chotero chikakanthidwa ndi munthu woima pafupi, osapitirira mafiti 5, madayisi a bala lake amawerengedwa kawiri. Lamulo lachitatu limalola msilikali wopatulika kuwonjezera madayisi ena pa lupanga lake atadziwa kale kuti lalasa, ndipo amenewonso amawirikizidwa. Wamatsenga aumitse, msilikali akanthe kawiri, anzawo atsirize: chilombo chimene wotsogolera anachikonza usiku wambiri chagwa chisanatukule ndi chikhadabo chomwe. Palibe amene wabera. Zonse zachitika monga mwa buku.

Chochititsa manyazi koposa chinagwera tarrasque, chilombo chimene dzina lake linachokera ku nthano ya mzinda wa Tarascon ku France. M'buku la 2014 chinapatsidwa mphamvu za moyo zokwana 676, nsagwada zomeza munthu ndi chikopa chobweza matsenga ambiri. Koma olemba sanachipatse mapiko kapena chida chofika patali. Motero munthu wouluka, wokhala ndi uta wamatsenga ndi mivi yokwanira, akanatha kuchilasa ali m'mwamba mpaka chitafa, icho chikungoyang'ana kumwamba ngati galu wouwa nyani ali mumtengo.

Wina angafunse kuti cholakwa n'chiyani, popeza ngakhale m'nthano za kuno Kalulu amagonjetsa Njovu ndi nzeru. Yankho ndi lakuti Kalulu sapambana m'mawu oyamba a nthano, ndiponso sabwereza chenjerero limodzi usiku uliwonse. Njira yotere ikapezeka koyamba, onse patebulo amaseka ndi kuomba m'manja, ndipo n'koyenera ndithu. Ikabwerezedwa kachitatu, osewera awiri okha ndiwo akusewera. Otsalawo asanduka alendo pa phwando la eni, ndipo wotsogolera amayamba kudzifunsa chimene akuvutikira kukonza zilombo.

Wosewera bawo ku Mgona kapena ku Chinsapo amadziwa bwino kukoma kwa kudya kolumikiza. Njere yomaliza ikagwera m'dzenje la kutsogolo lokhala ndi njere, moyang'anana ndi dzenje la mnzake lokhalanso ndi njere, amadya. Njere zodyedwazo amaziyendetsa, zikagwera pabwino amadyanso, mpaka mzere wakutsogolo wa mnzake utayera ndipo masewera atha. Pa drafti ya zitsekerero za mabotolo chimodzimodzi: munthu amapereka chimodzi dala, mnzake n'kukakamizika kudya, iye n'kubwezera zitatu. Nanga bwanji zimenezi siziononga masewera? Chifukwa pa bawo pali maenje 32 ndi njere 64, zogawidwa mofanana, ndipo njere zonse zili poyera. Msampha umene wina akutchera, mnzake angathe kuuona ndi kuutseka ngati awerenga bwino, ndipo mawa angathe kuutchera iyenso. Chilombo cha m'buku chilibe mwayi umenewo. Chili chokha, adani ake ndi anayi kapena asanu, aliyense ali ndi nthawi yake yomenya, ndipo mphamvu zake sizifanana ndi zawo.

Olemba malamulo anayesa kutseka mipata imeneyi. M'malamulo omwewo a 2014, zilombo zikuluzikulu zinaloledwa kukana tsenga loti lazigwira kale, kawirikawiri katatu pa tsiku, ndiponso kumenya pakati pa nthawi za osewera m'malo modikira kuti onse athe. Mankhwalawa anathandiza, koma ali ndi kuwawa kwake: wamatsenga amene dayisi lamukomera amangouzidwa kuti chilombo chakana, ndipo ochenjera anaphunzira kuyamba ndi matsenga ang'onoang'ono kuti kukana kutatu kuja kuthe asanatulutse lenileni. M'malamulo okonzedwanso a 2024, kukantha kwa msilikali wopatulika kunachepetsedwa kuti kuchitike kamodzi kokha pa nthawi yake yomenya, ndipo m'buku la zilombo la 2025 tarrasque anapatsidwa kubangula kopweteka anthu ali patali. Komabe buku silingaoneretu zonse. Mphamvu yeniyeni ili ndi wotsogolera, amene malamulo amamupatsa mawu omaliza: angaike chilombocho m'phanga la denga lalifupi momwe munthu sangauluke, angachipatse atumiki osokoneza wamatsenga, kapena angagwirizane ndi anzake masewera asanayambe kuti njira yakutiyakuti aisiye.

Ngakhale bawo, ndi ukalamba wake wonse, ali ndi mpata wake, ngakhale kuti ndi wa mtundu wina. M'chaka cha 2006 Tom Kronenburg, Jeroen Donkers ndi Alex de Voogt, pofufuza bawo wa ku Zanzibar, mbale wake wa bawo wa ku Malawi, anasonyeza kuti njere zikhoza kukhala mwa njira yakuti wosewera akayamba kuziyendetsa sadzaima konse. Koma kuyenda kotero sikupambanitsa munthu: dzanja limangozungulira maenje ake 16, njere n'kubwerera mmene zinalili, osadyako ndi imodzi yomwe ya mnzake.