Ndani Amakonza Malipiro a Mabwana a Boma?

Mlongo wanga amadzuka kusanache, n'kuuyamba wapansi kuchoka kuno ku Kalingalinga kupita ku Kabulonga, kumene amachapa, kukolopa ndi kulera mwana wa eni nyumba. Malipiro ake si chinsinsi. Boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2024 wantchito wa m'nyumba asamalandire zochepera K1,300 pamwezi, ndipo nkhaniyi inafika mpaka kwa amayi a tomato pamsika. Chaka chomwecho thumba la ufa la makilogalamu 25 linadutsa K300. Choncho aliyense m'komboni muno angakuwerengereni pa zala tsiku limene ndalama yake imathera, n'kuyamba kugula ufa wa m'timapaketi ta pamela.

Tsiku lina magetsi atazima ndinakhala ndi anyamata owotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, makina ali zii. Ndinawafunsa kuti mlembi wamkulu wa unduna kapena bwana wa kampani ya boma amalandira zingati, nanga amamukonzera ndani. Mmodzi, magalasi akuda ali pamphumi, anayankha akupukuta manja pa ovolosi: "Akulu, zimenezo amadziwana okhaokha." Zinandiwawa, chifukwa Nyumba ya Malamulo ili pa Manda Hill pomwepa, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi, ndipo msonkho umene mnyamatayo amalipira pogula chitsulo ndi umene umakathera m'malipiro amenewo.

Kale malipiro a mtsogoleri wa dziko, nduna ndi aphungu ankadalira malamulo odutsa m'Nyumba ya Malamulo momwemo. Akuluakulu amakumbukira za 2008. Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Levy Mwanawasa, ali gone m'chipatala ku Paris, aphungu anavomereza mabilu okweza malipiro awo ndi a anzawo a maudindo akuluakulu. Anthu anakwiya kwambiri. A Rupiah Banda, amene ankagwirizira mpando, anawabweza osasaina, koma chisankho chitadutsa mabiluwo anabweranso ndipo anasainidwa. Apa panaoneka poyera kuti wogawa nyama sangadzimane nthuli yonona.

Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016, gawo 232 linakhazikitsa bungwe la Emoluments Commission kuti ndilo lizikonza malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi mafumu, ndipo gawo 264 linaikanso m'manja mwake malipiro a oweruza, makhansala ndi akuluakulu a boma. Bungweli linakhala papepala pokha zaka 6, mpaka lamulo loliyendetsa linadutsa mu 2022. Pakatipo, mu Disembala 2019, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Edgar Lungu, analengeza kuti akudula malipiro awo ndi a nduna ndi maperesenti 15 mpaka 20. Mu 2022 tinamvanso kuti a Hakainde Hichilema sankatenga malipiro awo chilowereni m'boma. Zoterezi zimachokera mumtima mwa munthu mmodzi, ndipo wobwera pambuyo pake sizimumanga. Dziko limafuna dongosolo lokhalitsa.

Ine ndimagwirizana nazo kuti phungu asadziikire yekha malipiro. Chimene sindivomereza n'chakuti aphungu asambe m'manja, n'kumati nkhani ya malipiro inapita kwa ena. Bungwe limakonza, inde, koma ndalama ya boma siituluka popanda aphungu kuvomereza bajeti, imene tsatanetsatane wake amalembedwa m'buku lija amalitcha Yellow Book. Malamulo aakulu amanenanso kuti mabungwe otere azipereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka. Palinso komiti ya Public Accounts, imene imaitana alembi aakulu a maunduna kudzayankha zimene Auditor General wapeza, ndipo anthu timawamva pa wailesi ya Nyumba ya Malamulo akuchita chibwibwi. Zida zilipo, chofunika n'kuzigwira.

Ndipo funso lenileni silili pa malipiro a pamwezi okha. Kwa bwana wamkulu, zambiri zimabisala m'maalawansi: ya nyumba, ya mafuta a galimoto, ya ulendo, ya kukhala pamsonkhano, kenako ndalama ya kumapeto kwa kontirakiti. Mphunzitsi kapena namwino amadikira mabungwe a antchito akambirane ndi boma, ndipo zimene agwirizana zimalengezedwa m'nyuzipepala. Nanga za wapamwamba zilekerenji kulembedwa patebulo limodzi loti mwana wa giredi 9 n'kuwerenga? Sindikunena kuti dokotala wamkulu kapena injiniya woyendetsa kampani ya magetsi azilandira ngati mlongo wanga. Munthu waluso akapanda kulipidwa bwino amawoloka Zambezi, ife n'kutsala ndi ziphaniphani. Alipidwe bwino, koma masana, anthu akuona, ndipo phungu afunse chimene dziko likupindula naye.

Gawo 88 la malamulo aakulu limalola nzika kupereka pempho ku Nyumba ya Malamulo ndi kunenapo maganizo pa zimene aphungu akambirana. Mu Disembala 2023 kunabweranso lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma. Kalingalinga ili m'dera la Munali, ndipo dera lililonse lili ndi ofesi ya phungu. Ine ndi mnyamata wa magalasi uja talemba mafunso athu atatu papepala la m'kope: lipoti la bungwe lija linafika liti ku Manda Hill, komiti iti inaliwerenga, ndipo inafunsapo chiyani. Tipita nalo ku ofesi ya phunguyo Lachiwiri m'mawa, nthawi imene magetsi amakhala atazima kale.