Madzi a pamsana: chifukwa chimene dokotala amawafunira

M'zipatala zathu muli mphekesera imene yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri. Wodwala akafika mutu ukumuwawa koopsa, thupi likutentha, khosi litauma, dokotala n'kunena kuti akufuna kutenga madzi a pamsana, odikirira matenda amayamba kunong'onezana pakhonde. Amati amene wabayidwa singano pamsana sadzuka, ndipo akadzuka miyendo imafa. Ena amakanitsitsa kusaina chikalata, ena amamutenga wodwalayo n'kupita naye kumudzi.

Sizovuta kumvetsa kumene mantha amenewa anachokera. Anthu amene amatengedwa madzi a pamsana amakhala odwalitsitsa m'wodi yonse, ndipo ambiri amakhala atachedwa kunyumba. Mmodzi akamwalira mawa lake, abale amakumbukira singano ija, n'kuiwala masiku amene ankangomupatsa Panado akuganiza kuti ndi malungo.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa pamsana zinakutidwa ndi timakungu titatu, ndipo pakati pake pamayenda madzi oyera mbuu. Tizilombo tikalowa m'menemo, timakunguto timatupa. Amenewa ndiwo matenda oumitsa khosi, amene achipatala amati meningitis. Tizilombo tikagwira ubongo weniweniwo, matendawo amatchedwa encephalitis, ndipo chiwewe ndi amodzi mwa matenda a mtundu umenewu.

Vuto lake n'lakuti zizindikiro zimafanana pomwe zoyambitsa n'zosiyana kotheratu. Pali mabakiteriya monga pneumococcus, amene amayambitsanso chibayo, ndi meningococcus, amene amatha kupha munthu tsiku limodzi lisanathe. Pali kachilombo ka TB, kamene kamachoka m'mapapo n'kukwera kumutu pang'onopang'ono, kwa masabata angapo. Pali mavairasi, ena osavuta amene amatha okha, ena oopsa ngati herpes. Ndiye palinso fangasi wotchedwa cryptococcus, amene amapezeka m'dothi ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda. Ambiri a ife tinamupumapo kale osadwala. Amapeza mpata mwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri chifukwa cha HIV, makamaka amene CD4 yake yafika pansi pa 100, kaya sanayambe kumwa ma ARV kapena anasiyira panjira. Kuno kum'mwera kwa Africa, iyeyu ndiye amayambitsa matenda ambiri oumitsa khosi mwa akuluakulu.

Chilichonse mwa izi chimafuna chithandizo chakechake. Ceftriaxone, jakisoni amene amagonjetsa mabakiteriya, sachita kanthu pa fangasi. Mankhwala a fangasi sakhudza TB. Dokotala angadziwe bwanji chopereka popanda kuwaona madzi aja?

Kutenga kwake sikutenga nthawi. Wodwala amagona chammbali, n'kupinda mawondo mpaka pachifuwa kuti mafupa a msana atalikirane. Amapukutidwa ndi mankhwala ophera tizilombo, kenako singano yopyapyala imalowa m'munsi mwa msana, cha m'chiuno. Kwa munthu wamkulu, mtsempha waukulu uja umathera pamwamba pa malo amenewa, choncho singano siiukhudza n'komwe. Madzi amadontha okha m'timabotolo, pang'ono chabe, pamene thupi limapanga madzi otere pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Nthawi zina dokotala amadziwa atangoyang'ana: madzi amene anayenera kuoneka oyera amatuluka otuwa ngati otsukira mpunga, chizindikiro cha mafinya. Ku labu amawerenga maselo, amayeza shuga, amafufuza TB pa makina a GeneXpert, ndipo kachipangizo ka CrAg kamaonetsa cryptococcus m'mphindi zochepa. Pambuyo pake wodwala angamve mutu kwa masiku angapo, ndipo pali odwala ena amene dokotala amaona kuti singano idikire kaye. Chisankho chimenecho n'cha dokotala, osati cha pakhonde.

Kwa wodwala cryptococcus, singano yomweyo ndi mankhwalanso. Fangasi amatseka njira zimene madzi amatulukira, madziwo n'kuchuluka, kumapanikiza ubongo mpaka munthu kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuchita khungu. Kuwachotsako kumachepetsa ululu, ndipo pena amabwereza masiku angapo otsatizana. Abale akaona singano ikubwera kachitatu amaganiza kuti akuphunzirira pa m'bale wawo, chonsecho akumupulumutsa.

Pa matenda amenewa Malawi ali ndi mbiri yonyaditsa. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuno kwathu anachitikira pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Anaonetsa kuti diripi imodzi yamphamvu ya liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masabata awiri, imagwira ntchito mofanana ndi madiripi a sabata yathunthu amene ankaperekedwa kale, komanso siivulaza impso ndi magazi kwambiri. Bungwe la WHO linavomereza njirayi mu 2022. Chimodzi chimene chimadabwitsa abale n'chakuti wodwalayo sayambitsidwa ma ARV pompopompo. Amadikira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, chifukwa chitetezo chikadzuka msanga chimatupitsa ubongo.

Kwa ana nkhani imasokonekera ndi malungo. Mwana wokomoka amene magazi ake apezeka ndi tizilombo ta malungo sikuti nthawi zonse ndi malungo a muubongo. Kafukufuku amene katswiri wofufuza Terrie Taylor ndi anzake anachita ku Blantyre anapeza kuti mwa ana amene anamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena. Khanda nalo siliumitsa khosi kawirikawiri. Limangokana bere, kulira mosatonthozeka kapena kufooka, ndipo liwombo limafufuma. Apa si pofunira mankhwala opaka pa liwombo ayi.

Katemera wathandiza kwambiri. Wa mabakiteriya otchedwa Hib analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, wa pneumococcus mu 2011, ndipo matenda oumitsa khosi a mitundu imeneyi achepa mwa ana. Komabe WHO imati mwa anthu asanu ndi mmodzi odwala matenda oumitsa khosi a mabakiteriya, mmodzi amamwalira, ndipo mmodzi mwa asanu amatsala ndi chilema monga kugontha kapena khunyu. N'chifukwa chake mwana akachira ayenera kukayezedwa makutu.

Ngati m'bale wanu akumva mutu wosamva mankhwala, akuopa kuwala, akulankhula zosokonekera kapena khosi lauma, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala akapempha madzi a pamsana, funsani mafunso onse amene muli nawo, koma muloleni atenge.