Kodi Kuthira Nsomba Mumtsinje Kumacurukitsa Nsomba?

M'phunziro la lero tikamba za nsomba yochedwa trout, ndiponso za mkangano umene unabuka pakati pa asodzi ake.

Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira ndi oyera, ndipo imaikira mazira pakati pa timiyala ta pansi pa mtsinje. Kwao kwenikweni ndi maiko ozizira monga a ku Ulaya ndi ku America. Kuno kwathu inabwera ndi Azungu, amene anaithira m'mitsinje ya pamapiri monga ku Nyika, ku Zomba ndi ku Nyanga.

Kawedzedwe kake nkosiyana ndi kathu. Ife timakoleka nyongolotsi pambedza, koma asodzi ambiri a trout amamanga nthenga, ubweya ndi ulusi pambedza kuti ioneke ngati kacirombo kouluka. Popeza mbedza yotere ndi yopepuka, cingwe ndico cimakhala colemera, ndipo msodzi amacikupiza m'mwamba ndi ndodo yofewa kufikira mbedza itatera pamadzi mwakacetecete. Nsomba imaiyesa cakudya, nkuimeza.

Asodzi atacuruka ku America, maboma anamanga malo oswetsera mazira ndi maiwe olereramo trout. Caka ndi caka anali kunyamula nsomba zoweta pamagalimoto ndi kukazithira m'mitsinje. Anthu ambiri anakhulupirira kuti kuthira nsomba zambiri ndiko kugwira zambiri.

Katswiri wina wa za nsomba m'cigawo ca Montana, dzina lake Richard Vincent, anafuna kuyesa maganizo amenewa. M'caka ca 1970 boma linaleka kuthira nsomba zoweta m'gawo lina la mtsinje wa Madison, ndipo linayamba kuzithira m'kamtsinje ka O'Dell, m'mene kale sizinali kuthiridwa. Anthu a m'tauni ya Ennis anakwiya kwambiri, poopa kuti nsomba zidzatha, alendo adzaleka kubwera, ndipo malonda ao adzagwa.

Zimene zinacitika zinadabwitsa ambiri. Mu Madison trout zikuluzikulu zobadwira mumtsinje zinawonjezeka kuposa kawiri, pamene mu O'Dell zinacepa pafupifupi ndi theka. Motero m'caka ca 1974 Montana inaleka kuthira trout zoweta m'mitsinje m'mene nsombazi zimaswana zokha.

Cifukwa cake nciani? Mtsinje uli ngati munda: uli ndi cakudya ca muyeso wake ndi malo obisalamo owerengeka. Trout yobadwira momwemo imasankha malo ake kuseri kwa mwala, kumene imadikira cakudya popanda kutaya mphamvu. Nsomba zoweta zinazolowera kuthithikana ndi kupatsidwa cakudya ndi munthu. Zikafika zambiri nthawi imodzi zimasokoneza eni malo ndi kulimbirana nazo cakudya. Pambuyo pake zambiri zimafa msanga, popeza sizidziwa kudzifunira cakudya kapena kuthawa adani.

Komabe tisaganize kuti kuweta nsomba nkopanda nchito. M'madamu ndi m'nyanja zina mulibe timiyala ndi madzi oyenda oti trout iikiremo mazira, ndipo kumeneko nsomba zoweta zimathandiza asodzi ndithu. Koma mtsinje umene nsomba zimaswanamo zokha umafuna cisamaliro cina: mitengo ya m'mbali mwake isadulidwe kuti madzi akhale ozizira, dothi lisakokolokeremo, ndipo asodzi asagwire nsomba mopitirira muyeso.

Aphunzitsi, kambiranani ndi ana mafunso awa: Kodi trout imaikira kuti mazira ake? Nanga n'cifukwa ciani nsomba zinacepa mu O'Dell? Pomaliza, ana achule zinthu zitatu zimene zimaononga mtsinje wa kufupi ndi sukulu yao, ndi zimene iwo angacite pouteteza.

Tsalani bwino.