Wilo Siithera pa Mkeka wa Maliro

Pa Chinakanaka, monga m'midzi yambiri ya ku Mulanje, nkhani ya chuma cha womwalira imakambidwa maliro akangotha, mwinimbumba ndi ankhoswe atakhala pa mkeka. Ngati malemu anasiya wilo, amaiwerenga pomwepo, anthu nkubalalika poganiza kuti zatha. Koma pepalalo palokha silingatulutse ndalama kubanki kapena kusintha dzina la mwini galimoto. Limapeza mphamvu khoti likalitsimikiza.

Lamulo la chuma chamasiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967, limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, mwiniwake atasainira pamaso pa mboni ziwiri zomwenso zimasainira. Munthu amene watchulidwamo kuti ayendetse chumacho amatenga wilo yeniyeniyo, chiphaso cha imfa ndi mndandanda wa katundu ndi ngongole, nkukalumbira kukhoti. Chuma chikakhala chochepa, khoti la majisitireti pa boma la Mulanje likhoza kuthandiza. Chikakhala chochuluka, nkhani imapita ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, lomwe lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye. Wosadziwa poyambira akafunse ku ofesi ya DC. Woyendetsa chumayo akalandira chikalata cha khoti, ayambe wabweza ngongole za malemu, kenaka ndiye agawe.

Ena amati kupita kukhoti nkunyoza akuluakulu a pabanja, makamaka kuno kwa chikamwini komwe malume ndiye amasunga mbumba. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo munda wa makolo umatsatabe mwambo wake. Koma njinga yamoto, golosale ya pamsika kapena ndalama zimene bambo anasunga pothyola tiyi ndi thukuta la iye ndi mkazi wake. Abale a bamboyo akabwera kudzanyamula zonse mpaka malata, mayi wamasiye amene ali ndi chikalata cha khoti ali ndi poyimira, chifukwa lamulo lomweli limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu nkukhala kundende mpaka zaka 10.

Enanso amadandaula za mtengo wa ulendo ndi kuchedwa kwa milandu, ndipo sakunama. Komabe khoti limatetezanso amene wilo yawaiwala: mkazi kapena mwana amene sanasiyiridwe chokwanira akhoza kupempha woweruza kuti ampatse gawo, zomwe bwalo la pamudzi silingalamule banki kuti ichite.