Kodi kiriketi ya maola atatu ikupha ya masiku anai?

Tsiku lina pa Ciweru ndinapeza mkangano pakhonde la mnansi wanga kuno ku Kansenshi. Mkulu wa panyumbapo, amene anagwira nchito ku mgodi ku Luanshya zaka zambiri asanapume, anali kutsutsana ndi mdzukulu wake pa nkhani imene ena a inu awerengi mungaiseke, nkhani ya kiriketi. Mnyamatayo anali kupenyerera pa foni matimu a ku India, ndipo mkuluyo anati zimene akupenyazo si kiriketi ai, ndi msika cabe. Mnyamata anayankha mwaulemu ndithu: "Agogo, nanga yanu ija ndani angaikhalire masiku anai? Ku nchito tidzapita liti?" Anafuna kuti ine ndiweruze. Ndinakana, pakuti mlandu wa pabanja suweruzidwa uli ciimire, koma nkhaniyo inanditsata mpaka kunyumba.

Tiyambe tathandiza amene masewerawa sawadziwa. Mu kiriketi timu imodzi imaponya mpira, ina imamenya ndi thabwa ndi kuthamanga kuti ipeze mapointi. Mipira isanu ndi umodzi yoponyedwa ndi munthu mmodzi imachedwa ova. Kiriketi yakale ya zigawo imatenga masiku atatu kapena anai, ndipo ya maiko, yochedwa Test, imafika masiku asanu. Mu 2003 ku England anayambitsa yaifupi ya maova 20 timu iliyonse, imene amaicha T20, ndipo imatha m'maola atatu kapena kupitirirako pang'ono. Mu 2007 cikho coyamba ca dziko lonse ca T20 cinaseweredwa ku South Africa, India anapambana, ndipo caka cotsatira kunabadwa ligi ya IPL. M'ligiyi matimu ndi a anthu olemera ndi makampani, ndipo osewera amagulidwa pa malonda opikisana mitengo, monga ng'ombe. Mu 2022 cilolezo coonetsa IPL kwa zaka zisanu cinagulidwa ndi madola opitirira mabiliyoni 6.

Dandaulo la agogo aja lili ndi maziko, ndipo umboni wake suli kutali. Mu Januwale 2023 ku South Africa kunayamba ligi ya SA20, ya matimu 6, ndipo onsewo eni ake ndi omwe aja a matimu a IPL. Caka cotsatira, mu Febuluwale 2024, dzikolo linayenera kukasewera ma Test awiri ku New Zealand pamene ligiyo inali mkati. Akuluakulu a masewerawa anasunga akatswiri awo kunyumba kuti asewere ligi, natumiza anyamata amene ambiri anali asanasewerepo Test. Ngakhale kapitawo wawo, Neil Brand, kunali kuyamba. Anagonja masewera onse awiri, ndipo aka kanali koyamba kuti New Zealand apambane mndandanda wa ma Test polimbana ndi South Africa. Apa palibe cobisa. Mbendera ya dziko inapatukira ndalama za ligi. Akuluakuluwo anali ndi cifukwa cawo, cakuti ligiyo ndiyo imabweretsa ndalama zoyendetsera zina zonse, ndipo amene anasungapo thumba la bungwe lililonse adziwa kuti cifukwa cotere sicinyozeka msanga.

Koma taonani zimene zinatsatira. Mu Juni 2025 South Africa yemweyo, motsogozedwa ndi Temba Bavuma, anagonjetsa Australia pa bwalo la Lord's ku London natenga cikho ca dziko lonse ca ma Test. Aiden Markram, amene anamenya mapointi 136 m'masewerawo, ndi munthu amene anatsogolera timu ya Sunrisers Eastern Cape kupambana SA20 kawiri. Tsono amene amati T20 imaononga dzanja la womenya mpira afunika kutifotokozera za Markram. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, Sikandar Raza mu Meyi 2025 anatsiriza Test ku Nottingham, nakwera ndege, ndipo tsiku lotsatira anali ku Lahore kumenya mpira umene unapatsa timu ya Lahore Qalandars cikho ca ligi ya ku Pakistan. Ena anamutamanda, ena anati munthu sangatumikire mabwana awiri mpaka kalekale. Ine ndikuona kuti onse ananena zoona.

Cimene cinandivuta pakhonde paja ndi cakuti agogo ndi mdzukulu anali kukangana za nyumba ya eni. Kuno kwathu funso lili mwina. Kiriketi yaitali ya m'dziko muno sinaphedwe ndi T20. Inali itagona kale T20 isanabadwe.

Acinyamata sadziwa kuti masewerawa anali ndi mizu kuno ku migodi. Matauni a Kitwe, Ndola, Luanshya ndi Mufulira anali ndi makalabu awo. Neal Radford, amene anasewerera England, anabadwira ku Luanshya mu 1957. Phil Edmonds wa England ndi Henry Olonga wa Zimbabwe anabadwira ku Lusaka. Pa cikho coyamba ca dziko lonse mu 1975, timu ya East Africa inali ya osewera ocokera ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia. Inagonja masewera ake onse atatu, komabe tinalipo. Tisanamizane, m'masiku a atsamunda makalabuwo anali a azungu, ndipo pambuyo pake amene anasunga masewerawa kwambiri ndi anzathu a cimwenye. Mwana wa m'komboni anali kupenyera kunja kwa waya. Ndico cifukwa cake pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, ndipo makalabu ambiri a masewera anasowa wowasamalira, kiriketi inalibe khamu loilirira monga linalili la mpira wa miyendo. Bwalo la kiriketi ndi lovuta. Pakati pake pafunika kuthirira, kuchecha udzu ndi kutsendereza dothi sabata iliyonse. Mukalileka mvula ziwiri cabe, mbuzi zalowa.

Kenaka kunabwera manyazi a m'maofesi. Bungwe la Zambia Cricket Union linalowa m'bungwe la dziko lonse la ICC mu 2003, linaimitsidwa mu 2019 cifukwa cosakwaniritsa malamulo a umembala, ndipo mu 2021 linacotsedwa. Zinaipa kwambiri cifukwa 2019 ndi caka comwe ICC inayamba kuwerengera masewera a T20 a amuna a maiko onse a m'bungwelo monga masewera enieni a maiko. Malawi ndi Mozambique anayamba kusewera caka comweco. Uganda, amene tinali naye timu imodzi mu 1975, anafika ku cikho ca dziko lonse ca T20 mu 2024, kusiya ngakhale Zimbabwe panjira. Ife tinali panja, mpaka mu Julayi 2025 pamene Zambia inalandiridwanso.

Pamenepa ndiyenera kuima ndi mnyamata uja, ngakhale mtima wanga uli kwa agogo. Khomo limene latseguka kwa dziko longa lathu ndi la T20. Ndiyo imene idzaseweredwa pa masewera a Olympics ku Los Angeles mu 2028. Ndiyo imene mphunzitsi angaiike madzulo a tsiku la sukulu, ndiponso imene munthu wogwira nchito angaisewere pa Sondo masana nabwerera kunyumba dzuwa lisanalowe.

Mantha anga ali pa mau akuti ligi ya ogula matimu. Si kovuta kuti wina abwere ndi mayunifomu owala, zokuzira mau ndi osewera obwereka kunja, acite phwando la masabata awiri ku Lusaka, ajambulitse zithunzi, kenaka apite. Akapita, ku Kansenshi, ku Chifubu ndi ku Wusakile sikudzakhala mwana ngakhale mmodzi amene wagwirapo thabwa. Akatswiri onse amene ndachula pamwambapa sanaphunzirire masewerawa m'ligi ya ndalama. Anaphunzira ku sukulu ndi ku makalabu, m'masewera aatali amene munthu amaphunzira kudikira ndi kuleka mpira woipa udutse. Ligi imagula mbewu yokhwima, silima. India, South Africa ndi Zimbabwe ali ndi munda wokololamo. Ife munda tiribe.

Cotero ndikupempha akuluakulu a bungwe lathu kuti ndalama iliyonse imene umembala wa ICC udzabweretsa iyambire pa mabwalo awiri kapena atatu kuno ku Copperbelt, pa aphunzitsi a m'masukulu a boma, ndi pa mpikisano wa makalabu woseweredwa mlungu ndi mlungu, anyamata ndi atsikana omwe. Ayambe ndi maova 20, inde, koma pa caka pakhale masewera ena a maova 50, ndi amodzi a masiku awiri pakati pa Copperbelt ndi Lusaka. Ndipo maakaunti aziwerengedwa poyera caka ciliconse, cifukwa zaka zinai zokhala panja zija zatikwana.

Nditabwerera kwa mnansi wanga ndinapeza kuti agogo atulutsa thabwa lawo lakale m'sutukesi, losweka pang'ono kumunsi. Mdzukulu analigwira monga agwirira mpini wa khasu, ndipo anafunsa kumene angakasewere muno mu Ndola. Agogo anachula mabwalo awiri a masiku awo, kenaka anati ayambe afunsa ngati akalipo.